Mwini Dzina Ndani? Mkangano wa Khofi wa ku Ethiopia

Nkhani ya lero ndi ya chuma chimene sichisungidwa m'nkhokwe ndipo sichiyesedwa pa sikelo, koma anthu amachilimbirana mpaka kukafika nacho ku mabwalo a milandu. Chuma chimenechi ndi dzina la katundu. Munthu akaloŵa m'sitolo ndi kutchula dzina la sopo kapena la tiyi, amapereka ndalama zake asanatsekule paketi, chifukwa dzinalo lamuuza kale za chimene chili m'katimo. Dzina lotere limakula pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, malinga ndi ntchito ya amene amapanga katunduyo. Likakula, ena amayamba kulisirira.

Pakati pa chaka cha 2005 ndi cha 2007 padabuka mkangano umene udamveka m'maiko ambiri. Mbali imodzi kudali boma la Ethiopia, loimira alimi a khofi a minda ing'onoing'ono. Mbali ina kudali Starbucks, kampani ya ku America imene idayamba mu mzinda wa Seattle m'chaka cha 1971, ndipo pofika 2006 idali ndi nyumba zomweramo khofi zoposa 12,000. Padalibe amene adaba thumba la khofi kapena kukana kulipira ngongole. Mkangano wonse udali pa maina atatu: Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe.

Chizindikiro cha malonda nchiyani?

Kuti mkanganowu umveke bwino, nkofunika kuyamba ndi lamulo. Chizindikiro cha malonda ndi dzina, chithunzi kapena malemba amene amasiyanitsa katundu wa munthu mmodzi ndi katundu wa anzake. Ntchito yake ikufanana ndi chizindikiro chimene woŵeta ng'ombe amaika pa ziŵeto zake, kuti zikasakanikirana ndi za ena ku dambo zidziŵike msanga. Boma limasunga kaundula wa zizindikiro zotere, ndipo amene walembetsa chizindikiro chake ali ndi mphamvu yoletsa ena kuchigwiritsa ntchito pa katundu wofanana ndi wake. Ku Britain kaundulayu adatsekulidwa pa 1 Januwale 1876, ndipo choyamba kulembedwamo chidali chithunzi chofiira cha ngodya zitatu cha kampani yofulula moŵa ya Bass.

Pali mfundo zitatu zimene zimabweretsa mikangano yambiri. Yoyamba ndi yakuti amene wafika msanga ku kaundula ndiye amayamba kumveredwa. Pempho lofika pambuyo, ngati likufanana ndi loyambalo, limaimitsidwa. Yachiŵiri ndi yakuti dziko lililonse lili ndi kaundula wake. Dzina lolembetsedwa ku Addis Ababa lilibe mphamvu ku Washington, pokhapokha litalembetsedwanso kumeneko. Yachitatu ndi yakuti munthu saloledwa kutenga mau a anthu onse kuti akhale ake. Wogulitsa nsomba sangalembetse mau akuti nsomba, chifukwa anzake pa msika adzasoŵa motchulira malonda ao.

Mfundo yachitatuyi ili ndi msampha wake. Dzina limene lidayamba ngati la kampani imodzi lingathe kusanduka mau a anthu onse. Omvera akudziŵa kuti ambiri amati Colgate ponena mankhwala alionse otsukira mano, ndi Surf ponena sopo aliyense waufa. Maina aŵiriŵa akadali ndi eni ake, koma ena adatayika ndithu. Ku America bwalo la milandu lidagamula m'chaka cha 1921 kuti anthu ogula amamva mau akuti aspirin ngati dzina la mankhwala chabe, ndipo kampani ya Bayer idataya mphamvu yake pa dzinalo m'dzikomo. Msampha womwewu ndi umene udatsala pang'ono kukola alimi a ku Ethiopia.

Kumene maina atatuŵa adachokera

Ethiopia ndi kwao kwa khofi wa mtundu wa arabica, ndipo ndi dziko limene limakolola khofi wambiri kuposa lina lililonse mu Afrika. Pa nthaŵi ya mkanganowu kudaŵerengedwa kuti anthu pafupifupi 15 miliyoni adali kudalira mbeu imeneyi. Harar ali kuvuma kwa dzikolo, kumene khofi amayanikidwa pa dzuŵa ali m'chipatso chake. Sidamo ndi Yirgacheffe ali kumwera, m'mapiri a mvula yambiri. Akatswiri olaŵa khofi amazindikira khofi wa Yirgacheffe ndi fungo lake longa la maluŵa. Kukoma kumeneku kumachokera ku nthaka, ku kutalika kwa mapiri, ku mitundu ya mitengo imene makolo adasankha ndi kusunga, ndiponso ku manja a anthu amene amathyola zipatso zakupsa zokhazokha, chimodzichimodzi.

Alimiwo adali pa mavuto aakulu. M'chaka cha 1989 pangano la maiko limene lidali kuika malire a khofi wogulitsidwa kunja lidatha mphamvu, ndipo mitengo idayamba kukwera ndi kutsika mosalamulirika. M'chaka cha 2001 mtengo wa pa msika wa dziko lonse udatsika mpaka pansi pa masenti 50 a ku America pa paundi imodzi, ndipo paundi ndi kulemera kosakwana theka la kilogalamu. Alimi ena adazula mitengo yao ya khofi ndi kubzala mbeu zina. Komabe m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya khofi wokhala ndi dzina la Sidamo kapena Harar adali kugulitsidwa pa mtengo wapamwamba. Dzinalo lidali kubweretsa ndalama, koma ndalamazo sizidali kufika kwa amene adalikulitsa.

M'chaka cha 2003 boma la Ethiopia lidakhazikitsa ofesi yoyang'anira umwini wa nzeru, maina ndi zizindikiro, ndipo mkulu wake adali Getachew Mengistie. Mothandizidwa ndi bungwe la Light Years IP, ofesiyi idaganiza zolembetsa maina atatu aja ngati zizindikiro za malonda m'maiko amene amagula khofi. Cholinga chidali chakuti aliyense wofuna kulemba mainawo pa paketi ayambe wapangana ndi Ethiopia, kuti alimi akhale ndi mau pa kagulitsidwe ka khofi wao.

Adapeza wina atafika kale

M'mwezi wa Malichi 2005 Ethiopia idapereka mapempho ake ku ofesi ya kaundula ya ku America. Apa mpamene idadziŵa kuti Starbucks idali itapereka kale pempho lake m'chaka cha 2004, lofuna kulembetsa dzina lakuti Shirkina Sun-Dried Sidamo. Ameneyu adali khofi wapadera amene kampaniyo idakonza mogwirizana ndi bungwe lina la alimi a ku Sidamo, ndipo idali kumgulitsa pa madola 26 paundi imodzi. Popeza pempho la Starbucks lidali loyamba, la Ethiopia lidaimitsidwa. Dziko limene dera la Sidamo lili m'kati mwake lidauzidwa kuti lidikire pa mzere, pambuyo pa kampani ya ku Seattle.

M'chaka cha 2006 Starbucks idasiya pempho lake, koma njira siidatseguke. Bungwe la makampani a khofi a ku America, lotchedwa National Coffee Association, lidalemba kalata yotsutsa, likunena kuti mau akuti Sidamo ndi Harar adasanduka kale maina wamba a mitundu ya khofi, ndipo sangakhale a mwini mmodzi. Ofesi ya kaundula idakana maina aŵiriwo, ngakhale idalola la Yirgacheffe. Kutchuka kwa maina aja ndiko kudasanduka umboni wotsutsira eni ake: popeza aliyense adali ataŵagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri popanda womletsa, kudanenedwa kuti tsopano ndi a aliyense.

M'mwezi wa Okutobala 2006 bungwe la Oxfam lidatulutsa nkhaniyi poyera. Lidati Starbucks, imene idali membala wamphamvu wa bungwe la makampani lija, ndiyo idalimbikitsa kalata yotsutsayo. Starbucks idakana zimenezi, ndipo mkulu wa bungwe la makampanilo adakananso. Oxfam idanenanso kuti mlimi adali kulandira pafupifupi dola imodzi kapena kucheperapo pa paundi ya khofi amene m'sitolo adali kufika madola 26, ndi kuti Ethiopia ikadatha kupeza madola 88 miliyoni oonjezera chaka chilichonse itakhala mwini wa maina ake. Anthu oposa 90,000 adalemba kapena kusaina makalata opempha kampaniyo kuti isinthe maganizo.

Mbali zonse ziŵiri zidali ndi mfundo

Mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi. Mtengo wa m'sitolo suli phindu lokhalokha. M'menemo muli ndalama za mtengatenga, za kukazinga khofi, za mapaketi, za lendi ya nyumba ndi malipiro a antchito. Starbucks idanenanso kuti idali kulipira alimi mitengo yoposa ya pa msika wamba. Mfundo yake yaikulu idali yakuti dzina la malo liyenera kutetezedwa ngati dzina la malo. Pa njira imeneyi palibe mwini mmodzi wogulitsa dzina. Pamakhala bungwe lotsimikizira kuti katundu wachokeradi ku dera limene latchulidwa, ndipo aliyense amene katundu wake wapambana mayesowo amaloledwa kulemba dzinalo. Umu ndi mmene khofi wa Blue Mountain wa ku Jamaica amatetezedwera ku America, ndipo vinyo wa Champagne wa ku France amatetezedwa ku Ulaya mwa njira yofanana nayo.

Ethiopia idayankha kuti njira imeneyo ndi yabwino kwa dziko limene lili ndi ndalama ndi antchito okwanira kuyendera munda uliwonse. Khofi wa ku Ethiopia amalimidwa ndi alimi ambirimbiri, aliyense pa maekala ochepa, m'mapiri amene misewu yake ndi yovuta, ndipo amadzera m'misika yambiri asanafike ku Addis Ababa. Kutsata thumba lililonse kuchokera pa munda mpaka pa doko kukadadya ndalama zoposa phindu lake. Idanenanso kuti chitsimikizo cha malo chimaletsa bodza lokha, koma sichipatsa mlimi mpando pamene mitengo ikukambidwa. Kampani ingathe kulemba Sidamo pa khofi wa ku Sidamo weniweni, osanama konse, ndipo mlimi akhalabe wosauka. Chimene Ethiopia idafuna ndi chakuti makampani azibwera kudzapempha chilolezo, kuti pakhale pokambirana.

M'mwezi wa Novembala 2006 mkulu wa Starbucks, Jim Donald, adapita ku Addis Ababa kukaonana ndi nduna yaikulu ya dzikolo, Meles Zenawi, koma adasiyana osagwirizana. Mkangano udapitirira mpaka mwezi wa Juni 2007, pamene mbali ziŵirizo zidasaina pangano. Starbucks idavomereza kuti Ethiopia ndiyo mwini wa maina atatuwo, ndipo idalandira chilolezo choŵagwiritsa ntchito. M'chaka cha 2008 dzina la Sidamo lidalembedwa m'kaundula wa ku America. Mlandu wonsewu udatha popanda woweruza wa bwalo kugamula. Kampani imene malonda ake amadalira mbiri yabwino idaona kuti mkangano ndi alimi osauka ukuononga dzina lake lomwe.

Chimene chidapindulidwa ndi chimene chidatsala

Ambiri amadabwa akamva kuti chilolezo chimene Ethiopia idapereka chidali chaulere. Makampani sadauzidwe kulipira kanthu pa paketi iliyonse. Adangolonjeza kulemba mainawo moonekera ndi kuthandiza kuŵatchukitsa. Maganizo ake adali akuti dzina likamveka kwambiri, ofuna khofiyo adzachuluka, ndipo mtengo udzakwera wokha kuyambira pa doko mpaka ku mudzi. Pofika chaka cha 2009 makampani pafupifupi 100 adali atasaina mapangano otere.

Koma dzina lolembedwa m'kaundula silidzaza thumba la mlimi palokha. Kumapeto kwa chaka cha 2008 boma la Ethiopia lidalamula kuti khofi wambiri azigulitsidwa kudzera pa msika umodzi waukulu, wotchedwa Ethiopia Commodity Exchange. Kumeneko khofi wa alimi osiyanasiyana adali kuikidwa pamodzi malinga ndi giredi ndi dera lake, kotero kuti wogula wa kunja sadathe kudziŵa mudzi kapena malo otsukira khofi kumene thumba lachokera. Ogula khofi wapamwamba adadandaula, ndipo m'chaka cha 2017 malamulowo adafeŵetsedwa. Izi zidaonetsa kuti mwini dzina ali ndi ntchito ziŵiri: kuteteza dzinalo kwa ena, ndi kusamala kuti chimene chili m'thumba chikhale chogwirizana ndi chimene chalembedwa pa thumbalo.

Palinso china. Anthu a m'deralo amadzitchula okha kuti Sidama, ndipo ambiri a iwo sakonda katchulidwe kakale ka Sidamo. M'chaka cha 2019 adavota kuti akhale ndi chigawo chaochao, ndipo chigawo cha Sidama chidakhazikitsidwa m'chaka cha 2020. Motero funso lakuti mwini dzina ndani lidafikanso m'kati mwa Ethiopia momwemo, pakati pa boma limene lidalembetsa dzina ndi anthu amene dzinalo likuŵatchula.

Tiyi wa rooibos adadzera njira ina

Ethiopia idapeza pempho la wina likadali pa mzere. Alimi a ku South Africa adapeza dzina lao litatengedwa kale. Amene adagwirapo ntchito m'dzikolo akumdziŵa tiyi wofiira wa rooibos, wochokera ku chitsamba chimene chimamera m'mapiri a Cederberg, kumpoto kwa Cape Town. M'chaka cha 1994 kampani ina ya ku South Africa komweko, Forever Young, idalembetsa mau akuti rooibos m'kaundula wa ku America, pa nthaŵi imene tiyiyu sadali kudziŵika kumeneko. M'chaka cha 2001 dzinalo lidaperekedwa ku kampani ya Burke International ya ku Dallas, ndipo iyo idayamba kulembera ogulitsa ena makalata oŵaletsa kutchula tiyi wao kuti rooibos. Alimi ndi makampani a ku South Africa adalimbana ndi mlanduwu zaka zingapo, akulipira maloya a m'dziko la eni, kufikira m'chaka cha 2005 pamene kampaniyo idasiya dzinalo.

Apa mfundo yakuti mau a anthu onse sakhala a munthu mmodzi ndiyo idathandiza alimi. Pambuyo pake South Africa idasankha njira ija imene Ethiopia idakana, ya chitsimikizo cha malo, popeza rooibos amalimidwa m'dera limodzi lodziŵika malire ake. M'chaka cha 2021 dzina la rooibos lidalembedwa m'kaundula wa maina a malo wa maiko a Mgwirizano wa ku Ulaya, ndipo chidakhala chakudya choyamba cha mu Afrika kulandira chitetezo chimenecho. Njira idasiyana ndi ya Ethiopia, koma chiyambi cha mavuto chidali chimodzi: eni dzina adachedwa kufika ku kaundula.

Zimene lamulo la Malaŵi likunena

Chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe. Dziko la Malaŵi lidagwiritsa ntchito lamulo la zizindikiro za malonda la m'chaka cha 1957, la m'nthaŵi ya Chitaganya, kufikira m'chaka cha 2018 pamene lamulo latsopano lidayamba kugwira ntchito. Lamulo latsopanoli limateteza chizindikiro kwa zaka 10, ndipo mwini wake angathe kuonjezera zaka zina 10 nthaŵi iliyonse zikatha. Limalola kulembetsa zizindikiro za ntchito, monga za mtengatenga kapena za nyumba zogona alendo, ndiponso zizindikiro za gulu ndi maina a malo. M'chaka chomwecho Malaŵi adaloŵa m'pangano la Madrid, limene limalola munthu kupempha chitetezo m'maiko ambiri ndi pempho limodzi. Palinso njira ya bungwe la ARIPO, limene likulu lake lili ku Harare, yothandiza kulembetsa m'maiko angapo a mu Afrika.

Chinthu chimodzi chimasokoneza amalonda ambiri. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kulembetsa chizindikiro cha malonda ndi ntchito ziŵiri zosiyana. Chiphaso cha dzina la bizinesi chimauza boma kuti mwini golosale, chigayo kapena malo osokera zovala ndani. Chiphasocho pachokha sichiletsa munthu wina kusindikiza dzina lomwelo pa mabotolo a uchi kapena pa mapaketi a ufa. Munthu angathe kugulitsa katundu wake zaka zambiri, dzina lake nkumveka boma lonse, kenaka nkulandira kalata ya loya yomuuza kuti afute dzinalo pa khoma chifukwa wina adalilembetsa. Angathe kudziteteza posonyeza kuti ndiye adayamba kuligwiritsa ntchito, koma umboni wake umafuna malisiti, mapaketi akale ndi ndalama za mlandu, zimene kaŵirikaŵiri zimaposa ndalama zolembetsera.

Nchifukwa chake wamalonda wanzeru amayamba wafufuza m'kaundula asanalembetse chikwangwani kapena kusindikiza mapaketi, kuti asatenge dzina la mwini mosadziŵa. Amasankha dzina lodziŵika ndi iye yekha, popeza mau ongofotokoza katundu, monga ufa woyera kapena uchi wabwino, sangatetezedwe. Amasunga mapepala osonyeza chaka chimene adayamba. Akayamba kugulitsa kunja kwa dziko, amakumbukira kuti chitetezo cha kuno chimathera pa malire.

Maina a malo ndi a mbeu amafuna gulu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo, khofi wa Mzuzu ndi mpunga wa Kilombero wa ku Karonga ndi maina amene alimi ambiri adaŵakulitsa pamodzi. Wogulitsa mmodzi akasakaniza mpunga wina ndi kuutcha Kilombero, amaononga mtengo wa alimi onse, ndipo palibe mlimi mmodzi amene angamletse payekha. Dzina la Kilombero lili ndi funso linanso, chifukwa ndi dzina la chigwa ndi mtsinje wa ku Tanzania, kumene anthu amalimanso mpunga. Mafunso otere ndi abwino kuŵakambirana m'mabungwe a alimi ndi pakati pa maboma nthaŵi ikadalipo, mlendo wa ndalama zambiri asanafike nawo ku kaundula wa dziko lina.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa chala ngwa mphepo. Alimi a ku Sidama adali atalima khofi mibadwo yambiri, koma m'chaka cha 2005 adapezeka ali pambuyo pa mzere, chifukwa pempho la wina lidafika miyezi ingapo patsogolo pa lao. Padapita zaka zitatu kuti dzina la kwao lilembedwe m'kaundula wa ku America.